Nangula wa Batani wa Humphrey

Panali munthu wina kwa Mlolo, dzina lake Humphrey, ndipo amene anaona zimenezi ndi maso alipo mpaka lero. Humphreyyu anakhala zaka zinayi ku Beira akutsuka maboti a thanga a anthu olemera. Ntchito yake inali ya chidebe ndi kansanza, koma atabwerako ankafuna tizimutcha kaputeni.

Humphrey anali mkamwini. Apongozi ake, a Paulo, anali ndi boti lamatabwa la injini lowolotsa anthu, njinga ndi mbuzi pa Shire, kufupi ndi Chiromo. Botilo ndi limene linkadyetsa banja lonse. Phewa la a Paulo litayamba kuvuta, anasiya botilo m'manja mwa mwamuna wa mwana wawo Juliana.

Sabata isanathe, Humphrey anayamba kunyoza nangula wa apongozi ake, chitsulo chakale chomangidwa ku chingwe. Kukoka chingwe anthu akuona kunkamuchititsa manyazi. Anaimbira foni munthu wina wa ku Beira amene ankagulitsa makina ochotsedwa m'maboti a thanga, aja ukangodina batani tcheni chimadzikulunga chokha n'kukweza nangula. Atafunsidwa ngati akufuna aang'ono kapena aakulu, iye osaganiza n'komwe za boti lake anati aakuluwo.

Makina atafika, anaboola kumutu kwa boti, n'kumanga mabawuti anayi, n'kuika batire la lole pansi pake. Mutu wa boti unatsika ndi kulemera, iye n'kumati ndiye kukongola kwake. Poopa akuba, anaitana wowotcherera zitsulo kuti amate mapeto a tcheni ku chitsulo cha m'botimo.

A Paulo ataona anagwira pakamwa.

"Akamwini, mwawotcherera tcheni? Shire si nyanja ya ku Beira. Madzi akadzaza kumatsika zisumbu za namasupuni ndi bango, zina kukula kuposa tchalitchi. Zikakola chingwe cha nangula timadula ndi chikwanje, chitsulo n'kutsala pansi, boti n'kupulumuka. Kumapetoko ikani chingwe."

"Bambo, izo ndi zakale. Apa n'kungodina basi."

"Nanga batani likakana?"

"Nkhabe, silikana. Amene anapanga makinawa anapita kusukulu."

Juliana naye anayesa. "Bambo a Anita, mverani akuluakulu, mtsinjewu anakulira momwemo."

"Iwe unayamba waionako nyanja?" anatero Humphrey, nkhani n'kuthera pomwepo.

Miyezi iwiri anatitopetsa. Ngakhale padoko, pomwe aliyense amangomanga boti kumtengo, iye ankaponya nangula n'kumukweza kawiri kuti anthu amve kulira kwa makina.

Mwezi wa February madzi anadzaza. M'mawa wina, atanyamula anthu khumi ndi awiri, udzu unakulunga injini pakati pa mtsinje ndipo inazima. Humphrey anaponya nangula kuti achotse udzuwo. Ali chiweramire kumbuyo, mayi wina wogulitsa nsomba anakuwa.

"Akaputeni, chisumbu icho!"

Anathamangira kutsogolo n'kudina batani monyadira. Tcheni chinakwera pang'ono, chisumbu n'kufika n'kudzikoleka pomwepo. Makina analira ngati nkhumba yomangidwa, anatulutsa utsi, kenako zii. Anadinanso. Anamenya batani ndi chibakera. Madzi ankakankha chisumbu, chisumbu chinkakanikiza tcheni, ndipo mutu wa boti unayamba kumwa madzi.

"Dulani! Dulani!" anthu anakuwa. Bambo wina anamuponyera chikwanje. Humphrey anatema tcheni katatu, chikwanje n'kungobenthuka.

Mwayi wake asodzi anali pafupi ndi mabwato awo, ndipo anavuula anthu onse amoyo. Njinga zisanu, mbuzi ndi matumba a mpunga zinapita. Boti linamira chamutu, a Paulo ataima pamtunda akuonerera.

Mukuganiza kuti anapepesa? Ayi ndithu. Ankauza aliyense kuti makina anali abwinobwino, wolakwa ndi mtsinje womwe anthu sausamala. A Paulo, ndi phewa lawo lija, anabwerera kukapalasa bwato lobwereka kuti adzukulu adye.

Chilimwe madzi ataphwera, boti linaonekera mumchenga litang'ambika pakati. Humphrey anapita ndi khasu ndi sipanala. Anthu anati mwina manyazi amugwira, akukapulumutsa matabwa a apongozi. Anabwera atasenza makina ake adzimbiri, akuti akangowapukuta agwiranso ntchito.

Anapeza Juliana atakhala pakhonde, zovala za Humphrey zili m'thumba panja.

"Musatule, bambo a Anita," anatero. "Chanu pamudzi pano ndi chomwe mwasenzacho. Pitani nacho."

Phunziro: Chipangizo chabwino kwa eni ake chikhoza kukumiza kwanu kuno. Usanamange chinthu choti sungathe kuchimasula, funsa amene anakalambira pamalopo, ndipo akakuuza umve. Tumizani nkhaniyi kwa onse amene anapita kunja kamodzi n'kubwerako akuona makolo ngati mbuli.