Wakuba Madzi wa kwa a Makiyi

Panali bambo wina amene anthu ankangowatcha a Makiyi, chifukwa akamabwera kunkayamba kumveka makiyi mwiniwake asanaoneke. M'nyumba mwawo chilichonse chinali ndi loko, ngakhale kabati ya shuga. Chimbudzi cha kuchipinda kwawo ankalowamo okha, wailesi ili m'manja, ati ena amagujumula madzi mosasamala. Chitawonongeka anachimanga okha ndi waya, poti kulipira pulambala ankakuona ngati kutaya ndalama. Amene anandiuza nkhaniyi akuti ndi yoona, ndipo ine sindikutsutsa, anthu otere ndimawadziwa.

Kuseri kwa nyumbayo kunali kachipinda komwe munkakhala mlamu wawo, mng'ono wa akazi awo, ndi ana ake awiri. Mwamuna wake anali atamwalira ndipo analibe kwina kolowera. Ankagulitsa zovala za kaunjika, zina nkumayamba wazichapa pampopi wapanja.

Mwezi wina bilu ya madzi inabwera itakwera kowirikiza. A Makiyi anaiyang'ana nkhope itakwinyika.

"Nanga izi zapansizi n'chiyani? Ndilipire madzi olowa, ndilipirenso otuluka?"

"Ndi za mapaipi a zonyansa, bambo," anayankha akazi awo. "Ku ofesi anati madzi akakwera, nazonso zimakwera. Tiyeni titseke mipopi yonse tione ngati mita ikuyendabe. Ikamayenda ndiye kuti penapake pakudontha."

"Pakudontha m'manja mwa m'bale wanuyo," anatero a Makiyi. "Wakuba ndikumudziwa kale, mita indiuzanso chiyani?"

Tsiku lomwelo anakhoma loko pampopi wapanja. Mlamu uja akafuna madzi ankachita kugogoda, ndowa ili m'manja, ngati wopempha moto. Anasiya kuchapa za kaunjika, ana nkumasambira madzi amodzi. Sanadandaule, poti anali pakhomo pa eni.

Bilu yotsatira inakweranso.

"Wadulitsa kiyi wina," anatero a Makiyi, nkusintha loko.

Anayamba kukayikira aliyense. Wowerenga mita ati anagwirizana ndi mlamuyo chifukwa anawaona akupatsana moni. Woyandikana nawo amene ankamanga mpanda ati walumikiza paipi pansi, mpaka a Makiyi anakumba m'mbali mwa nyumba osapeza kanthu. Kenako anawaza phulusa mozungulira mpopi kuti aone mapazi a wakuba. M'mawa anapeza mapazi a mphaka, ndipo mphakayo nayenso sanamukhulupirire.

"Bambo, kutseka mipopi nkuyang'ana mita sikulira ndalama," akazi awo anawakumbutsanso.

"Mukumuikira kumbuyo chifukwa munayamwa bere limodzi. Mwina inunso mukudya nawo."

Bilu yachitatu inabwera ndi chenjezo loti akapanda kulipira adzawadulira madzi. A Makiyi analunjika kuseri, pepala lili m'manja, anthu akusuzumira pampanda.

"Alamu, mwandikwana. Madzi anga mukugulitsa kwa ndani?"

"Ine, alamu? Kiyi amagona m'thumba mwanu. Ndigulitsa bwanji?"

"Akuba sasowa njira. Longedzani."

"Ndi anawa ndilowera kuti?"

"Mufunse amene mumawagulitsa madziwo."

Mayiyo analongedza akulira. Kunena zoona zinali zomvetsa chisoni, ana atasenza timitolo osadziwa chimene amayi awo alakwa. Akazi a a Makiyi analowa m'nyumba, nkutuluka ndi chikwama chawo.

"Ngati mng'ono wanga ndi wakuba, inenso ndine wakuba," anatero. "Tsalani ndi madzi anu."

A Makiyi sanawaletse. Mumtima ankati bilu ikatsika, onse adzabwera okha kudzapepesa.

Bilu inabwera, ndipo sinatsike ngakhale pang'ono. Munthu mmodzi m'nyumba yonse, wosambira theka la ndowa.

Lamlungu lina masana mabatire a wailesi anatha. Nyumba inangoti zii, kopanda mwana wolira kapena mbale yogundana. Apa m'pamene anamva kaphokoso kuchipinda, kakungoti sssss osalekeza. Anatsegula chimbudzi chawo chija nkuvundukula thanki. Waya amene anamanga okha uja anali atakola mpira wotseka madzi, ndipo madzi ankangoyenderera kulowa m'mbale, nkumapita. Anatseka paipi yolowetsa madzi m'thankimo, nkupita kukayang'ana mita. Inali itaima.

Pulambala anakonza pa mtengo wochepa moti a Makiyi anachita manyazi kuufunsanso. Bilu anailipira yonse, poti ku ofesi anawauza kuti madzi akadutsa mita ndi anu, kaya mwamwa kaya mwataya.

Kenako anafufuza komwe akazi awo ndi mlamu uja ankachita lendi. Anawapeza akuchapa panja.

"Mayi, tiyeni kunyumba. Vuto lija latha."

"Wakuba uja mwamugwira?" anafunsa akazi awo osadzutsa mutu.

"Ndamugwira."

"Ndi ndani?"

A Makiyi anapisa dzanja m'thumba, makiyi nkumalira. Mlamu uja anapukuta manja, nkutunga madzi m'kapu.

"Imwani, alamu, mwayenda padzuwa. Kunoko mpopi ulibe loko."

Akuti mpaka lero bilu yawo ndi yotsika kuposa ya aliyense mumsewu umenewo, chifukwa m'nyumbamo akukhala okha.

Phunziro: Bilu ikakwera musathamangire kuloza chala m'bale wanu. Tsekani mipopi yonse, yang'anani mita, muyambire chipinda chimene kiyi wake mumasunga nokha. Paipi imakonzedwa, koma dzina la munthu lili ngati madzi, likatayika saliwolanso. Tumizirani ena nkhaniyi, makamaka aja oyenda ndi makiyi ambiri.