Vinyo Wofiira wa mu Firiji

Mwadala, mayiwo anatulutsa vinyo wofiira mu firiji n'kuika botololo m'manja mwa amuna awo. Bambowo anathirira alendo vinyo mu hotela zaka makumi atatu, koma chiyambireni matenda oiwala, ankangotcha akazi awo kuti "anesi".

Dzuwa la masana linkasewera pa katani. Bambowo anagunditsa botolo patsaya n'kutsinzina, ngati akumvetsera nyimbo yakutali.

"Aa, amake mwana, mwayambanso? Wa mu firiji ndi woyera. Wofiira amangofuna kuzizira kwa pamthunzi."

Mayiwo anasendera pafupi. "Ndiye titani, bambo?"

"Timudikire afundeko."

Mayiwo anakhala pambali pawo, akupemphera chamumtima kuti vinyoyo asafunde msanga.