Mzere wa Gologolo

Mwana wanga anandifunsa kuti, "Amayi, mtengo ukamakwera, munthu amagulitsa liti?" Ndinamuyankha ndi nthano.

Padangotero, Gologolo anasunga matumba asanu a chimanga. Tsiku lililonse la msika ankajambula pakhoma mzere wosonyeza mtengo wa chimangacho. Mzerewo unkangokwera.

"Achimwene, gulitsaniko awiri," anatero Njiwa, mnansi wake. "Mwawamasulapo matumbawo?"

"Inu mumadziwa kulira basi, achemwali. Taonani mzerewu! Ndidikira Febuluwale."

Febuluwale atakwana, mzere unafikadi kudenga. Gologolo anamasula thumba loyamba n'kupezamo fumbi ndi anankafumbwe okhuta. Onse asanu chimodzimodzi.

"Mzere sunaname," anatero chapansipansi, "koma sunkaona m'thumba."

Njiwa sanamuseke. Anangomusiyira kambale ka chimanga pakhomo, n'kuuluka.