Khomo la Mayi Sumirah

"Sindisayina. Kawauze choncho," anatero mayi Sumirah, osasiya kusenda anyezi.

Munawir, mlembi wa m'mudzimo, anali chiimire pakhomo, thalauza atapinda mpaka m'mawondo, pepala lili m'jumbo. Kunja rob inali itakhwima, madzi a m'nyanja aja amene amakwera ndi mwezi n'kumayenda m'misewu ngati nawonso ndi nzika. Tsikuli linali lomaliza. Wosayina alandira malo kumtunda, kutali ndi gombe. Wokana, zake zada.

Pamkeka panakhala Kasmuri, mwana wa mayiwo, yemwe anafika dzana atatha zaka makumi atatu ku Rotterdam. Anapita ali wotsuka mbale m'sitima, anabwerako ndi imvi, magalasi ndi sutikesi yodzaza mabuku. Mudzi umene anausiya sanaupeze. Minda ya mpunga inali nyanja. Pabwalo pamene ankasewera mpira pankadutsa mabwato. Manda a bambo ake ankaoneka madzi akaphwa basi. Nyumba za anzake zinali zigoba, nkhanu zikulowa ndi kutuluka osaodira.

Koma nyumba ya kwawo inalipo, pansi pali gwa, pouma. Inangomuonekera yachilendo pang'ono. Njerwa za khoma zinkalekeza m'chiuno, pamwamba pake matabwa. Nsanamira zinayi za mtengo wa jati zinali zolumikiza ndi mabawuti. Izi sizinamuvute: anawerengapo kuti munthu akabwerera kwawo, zonse za paubwana zimaoneka zazifupi. Kuseri kwa chitseko kunali mulu wa matumba opanda kanthu ndi khasu lakutha. Ukalamba, anaganiza choncho, kusunga zilizonse.

Chimodzi chokha n'chimene chinkamuwawa. Tsiku limene ankachoka, bambo ake anamuimika pansanamira, n'kutema mzere ndi mpeni pamwamba pa mutu wake, n'kulemba K pambali. Chifikireni anaufunafuna mzerewo pansanamira zonse zinayi, osaupeza. Anangoti amisiri a denga anaupala.

"Kasmuri, tawalankhula amayi akowa," anatero Munawir. "Paja kusukulu unkandikopera masamu. Lero kopera izi: nyanja ikukwera, nthaka ikutsika."

"Amayi, madzi amalowa muno?" anafunsa Kasmuri.

"Ukuwaona madziwo iwe? Bambo ako anamanga nyumba, osati bwato."

Kasmuri anadzuka, n'kukagwada pakhomo. Anayeza ndi dzanja. Madzi anali atalekeza chikhatho chathunthu pansi pa khomo, ndipo anali atayamba kale kubwerera.

"Rob ya mwezi wathunthu imeneyi, yaikulu kuposa zonse, koma yalephera," anatero akupukuta dzanja. "Ine ndakhala m'dziko limene anthu amagona pansi pa nyanja mapazi ali ouma. Madzi ndimawadziwa. Zaka makumi atatu nyanja yameza mudzi wonse, pano yakanika. Bambo anamanga pokwera."

"Pokwera? Kuno kunakhalapo pokwera? Mzungu wathu, tayang'ana pansi bwinobwino."

"Ndayang'ana. Pouma."

"Ndiye uwafunse amayi ako kuti bwato la Lachinayi limabwera ndi chiyani, komanso..."

"Tiyi wako wazizira, Munawir," anamudula mayi Sumirah, mpeni utaloza kapu. "Imwa uzipita. Unayamba kulongolola uli wosavala, mpaka lero?"

Munawir anatenga kapu n'kumwa. Mayi amene anakuonapo uli wosavala sutsutsana nawo.

Koma Kasmuri anali atatentha kale. Zimene anazisunga mumtima chitsikireni m'basi zinatuluka zonse.

"Mitengo ya m'matope imene inkatchinga mafunde munadula muli kuseka. Mafakitale akupopa madzi apansi usana ndi usiku, inu muli chete ndi zidindo zanu. Mwamiza sukulu, mwamiza msikiti, mwamiza bambo anga. Ndiye nyumba imodzi imene yakana kumira, mukuti mwini wake achokemo? Akakhale kuphiri kumene sadziwa munthu, azikathira maluwa pamanda a yani? Bweretsa kuno."

Anatsomphola pepala lija, n'kuling'amba pakati, n'kuling'ambanso. Zidutswa anaziponya pamadzi, ndipo zinatengedwa pang'onopang'ono kulowera kumene kale kunali msika.

Munawir anaziyang'ana mpaka zitapita.

"Mndandanda ukupita ku boma masana ano," anatero motsitsa. "Wina sudzabweranso. Tsalani bwino, amayi. Nawenso, katswiri wa madzi."

Anakwera bwato lake. Phokoso la injini linamka lichepa mpaka linatha.

Kasmuri anabwerera pamkeka mtima uli m'malo. Kwa nthawi yoyamba chibwerereni anamva kuti wachitapo kanthu pamudzi pano, kuti zaka zonse zija sizinamulande chilichonse. Mayi ake anamuyang'ana kamodzi, n'kumukankhira mbale ya nthochi zokazinga. Anaona manja awo: okhakhala, ong'aluka, ngati a munthu woswa miyala. Adzawagulira mafuta mawa.

Anatsamira nsanamira, n'kutambasula miyendo, dzanja atalitsamiza pansi. Chala chake chinagwera m'kamng'alu ka pamtengopo. Anawerama, n'kukonza magalasi.

Unali mzere wotema ndi mpeni, K ali pambali pake, utangotsala chala chimodzi kuti simenti iukwirire.

"Lachinayi kukubwera dothi lina lokwezera pansipa," anatero mayi Sumirah, osadzutsa mutu. "Mwayi wake tsopano osenza tilipo awiri."