Khonde la Paini

Mwana wake womubereka yekha ndiye anamulakwira mdalayo, Lachiwiri m'mawa, pamaso pa mlendo. Lole inatsitsa matabwa a paini kuseri kwa nyumba, oyera mbee, opepuka ngati mapesi, ndipo mwanayo anauza kalipentala waganyu kuti khonde likhomedwe ndi amenewo.

Mdalayo anagwira ukalipentala zaka makumi anayi. Maso anali atayamba nkhungu, koma thabwa ankalidziwa ndi chala. Mwezi wathawo, mwanayo atanena kuti akufuna khonde lamatabwa kuseri, poti anthu aziwotherapo dzuwa, mdalayo anamva ngati amubwezera manja ake. Anapita yekha kwa ocheka matabwa. Anagogoda, ananunkhiza, anakanda ndi chikhadabo, mpaka anasankha mbawa yofiira, yolemera, yopanda mfundo. Anaisanja pamthunzi pafupi ndi mpanda, timitengo pakati pa thabwa ndi linzake kuti mphepo izidutsa. Mbawa yongochekedwa kumene imafuna chaka chathunthu kuti iume. Ukaikhoma yaiwisi imapindika n'kuzula misomali. Izi anazinena pakhomopo kangapo, onse akugwedeza mutu.

Lero ndi uyu paini.

"Chimenechi ndi chakudya cha chiswe," anatero mdalayo, akumenya thabwa limodzi ndi ndodo. "Zaka zitatu sizikwana, mudzabooka nalo kapu ya tiyi ili m'manja."

"Ndi wothira mankhwala, bambo. Komanso ndi wouma kale."

"Wouma kale! Ukuthamangira kuti? Nyumba ikupsa?"

Mwanayo anangoyang'ana nsapato zake. Munthu wa mu ofesi, wosadziwa ngakhale kuwongola msomali, lero akuphunzitsa atate ake za mitengo.

Mdalayo ankadziwa kumene mphepo ikuchokera. Anali mpongozi wake, mkazi wa mwanayo. Chibwerere mdalayo kuchipatala masabata awiri apitawo, mayiyo ankamugwira ngati dzira. Akatola nyundo, uyo walanda. Akati asese pabwalo, uyo wabisa tsache. Kuchipatalako nakonso dokotala analankhula ndi mwanayo pakhonde, chitseko chotseka, ngati mwini mimba ndi khanda. Potuluka mwanayo anangomuuza kuti ndi mpweya wa m'mimba chabe, azipuma. Kupuma! Mawu abwino otayira munthu kudzala.

Mwana wake wamkazi, yemwe amakhala kutali ndipo sayenda popanda maliro kapena ukwati, anatulukira mwadzidzidzi n'kugona masiku atatu. Ankanong'onezana kukhitchini, mdalayo akalowa onse zii. Zokambirana za nyumba izi, anatero mumtima. Akugawana ndili moyo. Ndipo chakudya cha mpongoziyo chinali chitasanduka madzimadzi, moti pa lamba anali ataboolapo kale mabowo awiri atsopano ndi msomali.

Kalipentala waganyuyo, bambo wa ndevu wokhala ndi macheka amagetsi, anamaliza kumupsetsa mtima. Anayeza chitseko chakuseri cha chipinda cha mdalayo kawiri konse. Khonde analiyika mofanana ndi pansi pa chipindacho, popanda sitepe ngakhale imodzi, ndipo kumbali analitsetsereketsa ngati pokwezera wilibala.

"Mphwanga, ntchitoyi unaiphunzira kuti? Mvula ikagwa madzi adzalowa m'chipinda mwanga."

"Ndauzidwa choncho, achikulire."

"Ukauzidwa kuti ukhome denga pansi, ukhoma?"

Kalipentalayo anaseka pang'ono n'kuyatsa macheka ake. Phokoso linameza mawu otsalawo.

Panalibe chimene mdalayo akanachita. Kale akanazula matabwawo ndi manja n'kuwaponya kunja kwa mpanda. Tsopano miyendo inkanjenjemera akangoima nthawi yaitali. Ankakhala pampando pafupi ndi zenera, kuwerenga misomali imene ikulowa mopotoka, fungo la utomoni wa paini likumuchititsa nseru. Mbawa yake inali phee pampanda, ikuuma pang'onopang'ono monga mmene thabwa laulemu limachitira, popanda woiyang'ana.

Lachisanu masana anadzikoka ndi ndodo mpaka pamulu wa mbawa ija. Ankafuna kutembenuza thabwa lapamwamba kuti lisapindikire mbali imodzi. Linamukanika. Mpweya unamuthera, ndipo anakhala pansi kuseri kwa muluwo, msana atatsamira mbawa. Inali yozizira, ikadali ndi madzi m'kati. Miyezi khumi ndi umodzi yatsala, anawerenga. Ndidzalipasula khonde lawoli, ndidzakhoma langa, aone.

Macheka anazima. Anamva mapazi a mwana wake pa matabwa atsopanowo, kenako mawu a kalipentala, otsika.

"Bwana, ndinene chilungamo. Achikulirewa sakunama. Mbawa ili apoyo ingakhale zaka makumi atatu. Bwanji osangodikira chaka chimodzi?"

Mwanayo anayankha motsitsa mawu.

"Dokotala akuti miyezi itatu, ikachuluka inayi. Posachedwa ayamba kuyendera njinga ya olumala. Ndikufuna azituluka kukawothera dzuwa. Khomani msanga."

Madzulo mwanayo analowa m'chipinda ndi kapu ya tiyi, n'kufunsa mmene m'mimba mukumvekera. Kenako anawauzanso atate akewo kuti ndi mpweya chabe.