Mwaye Utasowa

"Ba Derrick, muyenda kuti m'mawa uliwonse?" anafunsa Olipa akuanula zovala.

"Ku nchito, nanga kuti?"

Sabata yonse Olipa ankanunkhiza malaya a mwamuna wakeyo kufunafuna pafyumu ya mkazi wina. Sanapeze fungo lililonse, ngakhale la utsi.

"Zaka zisanu mwaye wa fakitale yanu ya njerwa wakhala ukundidetsera zochapa. Onani izi."

Anatambasula nsalu ya pabedi. Inali yoyera mbee.

Derrick anakhala pansi. "Anazimitsa ng'anjo, ogula kulibe. Nimakhala chabe ku siteshoni."

Mayi wa nyumba yoyandikana anasuzumira pampanda akumwetulira. "Ba Olipa, mwaona kumwamba? Utsi uja tinaupempherera watha!"

Olipa anapinda nsaluyo pang'onopang'ono. "Ameni," anatero.