Masheya Obwereka a Kampani ya Matiresi

"Kampani ya matiresi imeneyi ndiikwirira ndine," anadzitama Gus Petrakis mu ofesi yake ku Chicago. "Bokosi ndigula ndekha!"

Mkuluyu anali atabwereka masheya a kampaniyo n'kuwagulitsa onse, poyembekezera kuti mtengo ukagwa awagulenso motchipa, abweze kwa mwiniwake, chotsala m'thumba. Chikole chake inali nyumba yomwe amagonamo.

Lorna, mnzake wa pabizinesi, anakwinya nkhope akuyang'ana kompyuta.

"Iwe Gus, lendi yobwerekera masheyawa yakwera kakhumi, mtengonso ukukwera. Ndi mtembo wanji umene anthu akuulimbirana chonchi? Anakubwereketsa ndani?"

"Marty, mnzanga wa gofu uja. Ndinamuuza pulani yonse, mpaka anaseka."

"Anaseka? Nanga amene akugula onsewa ndani?"

Gus asanayankhe, foni inalira. Anali Marty, mawu ali tseketseke ngati uchi.

"Achimwene, masheya anga aja ndikuwafuna lero lomwe. Mukasowa kogula musavutike, pamsika ndasesa, onse ali ndi ine. Kungoti mtengo wawirikiza katatu."